Chigamba pa Thabwa la Mphaka

1. Tsamba la khumi ndi chinayi

Mu Kanda monse, dera la amisiri mu mzinda wa Edo, munalibe mtsikana wa pakamwa pakuthwa ngati Okiwa, mwana wa a Genshichi, mmisiri wosema matabwa osindikizira mabuku. Anthu ankati bambo amanola mipeni, mwana amanola lilime, koma mwala wonolera ndi umodzi.

Okiwa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mayi ake anamwalira iye akukwawa, choncho anakulira pansi pa tebulo la ntchito, akudya mpunga wothira utuchi m'malo mwa mchere.

M'nyumbamo munali chinsinsi chimodzi. Maso a bambo ake anali atagwa nkhungu. Zithunzi zikuluzikulu ankasemabe bwino, poti dzanja lokalamba limadziwa njira lokha. Koma tizilembo ta ndakatulo, tija toonda ngati tsitsi la khanda, sankationanso. Kwa chaka chathunthu amene ankasema tizilemboto anali Okiwa, chitseko chili chotseka. Kumapeto kwa buku lililonse kunkalembedwabe kuti wosema ndi Genshichi. A Manbei, mwini sitolo ya mabuku, akadangomva fungo la nkhaniyi, ntchito ikadapita kwa osema ena tsiku lomwelo.

M'mawa wina wozizira, chaka chitatsala pang'ono kutha, a Manbei anatumiza mapepala a buku latsopano. Linali buku la ndakatulo zanthabwala za gulu la alakatuli a kumtsinje, iliyonse ndi chithunzi cha nyama yake. Mabuku otere amatuluka pa Chaka Chatsopano, kuti mabwana azionetsana mayina awo akumwa mowa wa mpunga.

Okiwa anatenga pepala la khumi ndi chinayi. Anapaka phala lomatira pa thabwa la mtengo wa sakura, naligoneka pepalalo chafufumimba. Ananyowetsa chala n'kuyamba kufikisa kumsana kwake mpaka mizere inayamba kuonekera. Kunatuluka mchira. Kunatuluka makutu. Anali mphaka wonenepa, atatsinzina. Pamwamba pake panatuluka zilembo zotembenuka, koma mwana wa wosema amawerenga zotembenuka msanga kuposa zowongoka.

Mphaka wa kwathu
akaba nsomba youma
amatsinzina maso
ngati wansembe m'kachisi,
fungo lokha likumuneneza.

Chala chinaima. Pambali pa ndakatuloyo panali dzina la mlakatuli: Mbiya Yosadzaza.

“Wakuba!” anakuwa Okiwa.

A Genshichi anadzambatuka, nyundo yamtengo ili m'manja. “Walowera pati?”

“Walowera pa thabwa, ababa! Ndakatulo iyi ndi yanga!”

Alakatuli anthabwala salemba dzina la makolo awo. Aliyense amadzipatsa dzina lopusa. Mbiya Yosadzaza anali a Rihei, ogulitsa mafuta a nyale, amene ankagulira gululo mapepala ndi mowa. Miyezi iwiri m'mbuyomo, Okiwa anatumidwa kukasiya katundu kumene gululo limakumana, m'chipinda chapamwamba cha nyumba yowotchera nsomba. Akudikira pansi, anaona mphaka wa m'khitchini akuba. Analemba ndakatuloyo pa kapepala, nasaina dzina lake lanthabwala, Utuchi wa M'tsitsi. A Rihei akukwera makwerero, iye anawerama n'kuwapempha kuti akaperekeko kapepalako kwa woweruza ndakatulo. A Rihei anawerenga, anaseka mpaka mimba inavina, nakaika m'mkono wa chovala, wotambalala ngati thumba.

Mkono wa chovala cha munthu wolemera ndi wakuya. Zolowamo zimatuluka zili ndi dzina lina.

2. Lamulo la mpeni

“Ndimatula pepalali,” anatero Okiwa, chikhadabo chili kale pangodya.

“Chotsa dzanja.”

“Ababa, andibera!”

“Ndamva. Khutu langa silinagwe nkhungu. Khala pansi.”

Okiwa anakhala, nkhope ili ndwii. Bambo ake anaika nyundo pansi, natenga mpeni wawo waung'ono, uja chogwirira chake chinada ndi thukuta la zaka makumi atatu.

“Tamvera, mwana iwe. Tsiku limene ndinalandira mpeni uwu, mphunzitsi wanga anandipatsa lamulo limodzi lokha. Anati wosema alibe maganizo pa thabwa la eni. Wojambula akajambula mphaka wa miyendo isanu, iwe sema isanu. Ukafuna kudandaula, dandaula ndi pakamwa, osati ndi mpeni. Ukudziwa chifukwa chake? Pepala lija tikalimata, lafera pomwepo. Mpeni umalidya lonse, silitsala. Wojambula amatipatsa mwana wake mmodzi yekhayo, ife timamupha, iye akukhulupirira kuti timudzutsa monga analili. Ntchito yathu yonse yaima pa chikhulupiriro chimenecho. Tsiku limene wosema wasintha kamzere kamodzi mwa kufuna kwake, ndani adzamupatsenso pepala? Zilibe kanthu kuti anali wolungama. Mawa adzasintha wina amene sali wolungama, ndipo onse awiri adzatchedwa dzina limodzi.”

“Ndiye ndiseme bodza ndi dzanja langa?”

“Usema zimene zamatidwa.”

“Dzina la mbiya ija, pa ndakatulo yanga?”

“Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. A Rihei akhala pa mkhate wa a Manbei, ndipo mu mkhatemo ndi mmene muli mpunga wathu. Komanso ganiza ichi. Ukachita phokoso, anthu ayang'ana kuno. Akayang'ana kuno, aona amene wagwira mpeni. Ukufuna aone?”

Okiwa sanayankhe. Zimenezo zinali zachilendo, moti bambo ake anaganiza kuti mawu alowa. Makolo amakonda kuganiza choncho mwana akakhala chete, pamene mwanayo akungosunga malovu.

Anasema. Anasema ndakatulo yake, chilembo ndi chilembo, kenako anasema dzina la Mbiya Yosadzaza, akuluma mlomo mpaka unatuluka magazi. Bambo ake anasema mphaka. Matabwa onse atatha, anasindikiza pepala limodzilimodzi loyesera, natumiza kwa a Manbei. Mapepalawo anabwerera ali ndi chidindo chofiira. Zonse zili bwino, pitani kwa wosindikiza.

3. Kwa ogulitsa mafuta

“Bambo anati ndidandaule ndi pakamwa,” anadziuza Okiwa tsiku lotsatira, akuvala nsapato zake zamtengo. Pakamwa ndiye anali napo.

Anawapeza a Rihei m'sitolo mwawo atakhala pafupi ndi mbaula, mimba ili pamiyendo ngati mwana wa eni. Antchito awo ankayeza mafuta kuchokera mu mgolo waukulu.

“Aa, Utuchi wafika! Tengani tsache, anyamata.”

Okiwa anawerama pang'ono, kuwerama kwa munthu wouma khosi.

“Bwana, ndabwera kudzatenga mphaka wanga.”

“Mphaka? Muno tili ndi makoswe okhaokha.”

“Ndikuona, bwana. Wamkulu wake akuotha moto.”

Wantchito wina anatsamwa ndi phwete, nanamizira chifuwa. A Rihei anamwetulira, koma makutu anali psuu.

“Khala pansi, mwana wa Genshichi, ndikuphunzitse za dziko. Ndakatulo ili ngati mphaka weniweni. Si ya amene anaiona ikubadwa. Ndi ya amene akuidyetsa. Ndani wagula mapepala? Ndani anaitana wojambula? Ndani anadyetsa woweruza nsomba zowotcha mbale zitatu? Ndikadapereka kapepala kaja ndi dzina lako, akadapukutira mphuno. Ine ndaitola m'msewu, ndaiveka, ndaikhazika pa tsamba labwino. Unayenera kubwera ndi mphatso. Ndiponso ndinaikonza.”

“Mwakonza pati?”

“Iwe unangolemba kuti nsomba. Ine ndinawonjezera kuti youma.”

“Youmayo ndinalemba ndine!”

“Waona? Timaganiza mofanana. Ndiye ukudandaula chiyani?”

“Bwana, ngati ndakatulo ili m'mimba mwanumo, tulutsani ina. Pano pompano. Ya galu, ya khoswe, ya mgolo uwu. Ine ndidikira.”

A Rihei anatola chitsulo chosonkhezera moto, nayamba kutakasa makala pang'onopang'ono.

“Bambo ako ali bwanji?” anafunsa mofatsa. “Tsiku lija ndinawapatsa moni pamlatho, iwo n'kuweramira mzati. Ndinadabwa. Munthu wosema tizilembo tating'ono choncho, kulephera kuona munthu wamkulu ngati ine? Ukawauze asamale maso. Maso a wosema ndi chuma cha mzinda.”

Mawuwo anamulowa Okiwa ngati madzi ozizira kumsana. A Rihei anaona, nasangalala. Anatenga kamkate ka nyemba zotsekemera m'mbale n'kumupatsira.

“Tenga, uzidya panjira. Usadzanene kuti Mbiya Yosadzaza ndi womana.”

Okiwa analandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Anayenda mpaka pa mgolo wamafuta, natambasula manja. Chubwi!

“Pepani, bwana. Chaterereka. Si cha amene anachiphika, ndi cha amene wachimeza.”

Anatuluka akumva matemberero kumbuyo. 

4. Mtengo wauwisi

Tsiku lachisanu ndi chitatu la mwezi, a Genshichi ankapita ku kachisi kukasamba m'maso pa chitsime cha odwala maso. Ankanyamuka m'mawa n'kubwerako masana. Matabwa a buku anali atamangidwa kale pakhomo, akudikira ngolo ya wosindikiza.

Ndodo ya bambo ake itangokhota pangodya, Okiwa anamasula chingwe, nasolola thabwa la mphaka.

Osema onse amadziwa kuika chigamba. Wolemba akaphonya chilembo, sutaya thabwa lonse. Umakumba kabowo ka ngodya zinayi pamene palakwika, umakhomeramo kamtengo kena, umapala mpaka pasalale, n'kusema mwatsopano. Si ntchito yamanyazi. Koma ili ndi malamulo awiri amene ngakhale wophunzira wa mamina amawadziwa. Kamtengoko kakhale kouma ngati thabwa lomwelo. Ndipo mitsempha yake itsate mitsempha ya thabwa.

Zidutswa zouma, zimene zinagona kudenga zaka zisanu, zinali pamwamba pa mitanda. Makwerero anali atabwerekedwa ndi wokonza migolo wa nyumba yachitatu. Kukawatenga kunali kuyankha mafunso, poti mkazi wa wokonza migoloyo sabweza chinthu asanadziwe chimene ukachite nacho.

Pafupi ndi chitseko panali matabwa atsopano, ofika kuchokera kumapiri mwezi wathawo, akadanunkha mvula. Okiwa anadulako kachidutswa. Atayesa pabowo, kanakana. Atakatembenuza chopingasa, kanalowa bwinobwino. Anakakhomera.

Mkwiyo suyang'ana mitsempha ya mtengo.

Anapala, napala, mpaka chala sichinamvenso polumikizira. Analemba dzina lake pa kapepala kopyapyala, nakamata chafufumimba, natenga mpeni. Kunena zoona, chibadwire sanasemepo zilembo zokongola ngati zimenezo. Utuchi wa M'tsitsi. Anapakapo inki kuti mtengo watsopano ufanane ndi wakale, nabwezera thabwa pakati pa anzake, namanga chingwe mfundo yomweyo.

Bambo ake atabwera, m'maso muli madzi a ku kachisi, anapeza ngolo itatenga kale matabwa.

“Zonse zili bwino?”

“Zonse zili m'malo mwake, ababa,” anayankha Okiwa. Kwa iye limenelo silinali bodza.

5. Chikhatho cha agogo a Tomezo

Patapita masiku atatu, Okiwa anatumidwa kukasiya thabwa la chikuto kwa wosindikiza.

Agogo a Tomezo sankadziwa kuwerenga. Anasindikiza ndakatulo zanthabwala zaka makumi asanu osadziwa ngati zimaseketsa. Ankati zilembo ndi nyerere, ntchito yawo ndi kuona kuti nyerere iliyonse ili ndi miyendo yonse. Okiwa anawapeza atakhala pansi, mkono wakumanja uli wamaliseche ngakhale kunali chisanu. Ankapaka inki ndi burashi, kugoneka pepala lonyowa pa zizindikiro za m'mphepete, kutikita kumsana kwake ndi chotikitira chokuta ndi khungwa la nsungwi, kuvundukula. Mphaka. Kupaka, kugoneka, kutikita, kuvundukula. Mphaka wina.

Okiwa anatola pepala limodzi pamulu. Dzina lake linali pomwepo, loyera, lakuthwa, popanda chilema. 

“Lakukomera?” inafunsa nkhalambayo osatukula mutu.

“Mphakayu watuluka bwino, agogo.”

“Ehe. Mphaka.” Anaika burashi pansi, nagoneka chikhatho pa thabwa. “Thabwa ili lili ndi malo amodzi ozizira. Mtengo wouma umafunda m'manja, wauwisi umazizira ngati mphuno ya galu. Genshichi wakalamba chonchi? Chigamba chauwisi, n'kuchiikanso chopingasa? Ndimati ndikakumana naye ku nyumba yosambira ndimuthire madzi ozizira.”

Okiwa anayang'ana pansi. Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali.

“Ohoo,” inatero. “Ndiye ndi choncho.”

“Agogo, ndakatuloyo ndi yanga. A Rihei anandibera.”

“Mbiya ija? Sindikudabwa. Munthu uja ngakhale chifuwa amabwereka kwa anzake. Koma tamvera, mtsikana iwe, poti wandipeza ndili ndi mpweya. Wakuba ndakatulo sagwidwa ndi mpeni. Amagwidwa ndi ndakatulo yachiwiri. Pa phwando la Chaka Chatsopano, aliyense wokhala m'buku amaimirira n'kuyankha ndakatulo ya mnzake pomwepo, anthu akuyang'ana. Ine ndimakhala pakhomo kudikira mowa wotsala, ndaona ambiri akutuluka thukuta m'chisanu. Ukadadikira milungu isanu, mbiya ikadadziswa yokha. Koma inu ana mumafuna kukolola tsiku lobzala.”

“Milungu isanu dzina lake lili pa ndakatulo yanga? Inu mukadapirira?”

“Ine? Zaka makumi asanu dzina langa silinalembedwepo m'buku lililonse, koma inki yanga ili m'nyumba iliyonse ya mu Edo. Usandifunse za kupirira. Tsopano mvera za mtengo. Mazana awiri oyambawa atuluka oyera, chifukwa thabwa lanyowa ndipo chigamba chatupa. Koma thabwa limatopa ngati munthu. Ndikamaliza awa, lipuma masiku anayi pashelefu. Mphepo youma ya kumapiri ilowa. Thabwa lakale silisuntha. Chigamba chako chichepa. Pakatseguka mpata, inki ilowamo, ndipo inki sisunga chinsinsi cha munthu. Pita lero lomwe ukauze bambo ako. Adzadule chigamba chouma, iwe usemenso dzina la eni, awa tiwaotche, tinene kuti anadyedwa ndi nkhungu. Udzalira tsiku limodzi. Ukachedwa, adzalira ndi iwo.”

“Mukandineneza?”

“Ine sindinyamula mawu a m'nyumba ya eni. Ndimasindikiza thabwa limene ndapatsidwa. Lamulo langa ndi la bambo ako ndi limodzi. Iwe wekha ndiye wadzipangira lako.”

Okiwa anayang'ananso dzina lake papepala. Mazana awiri. Nyumba mazana awiri zidzawerenga.

“Mwina silichepa,” anatero.

“Mwina,” inayankha nkhalambayo ikutola burashi. “Mwinanso ine ndimeranso mano.”

Atafika kunyumba, bambo ake anafunsa ngati a Tomezo anenapo kanthu.

“Akuti thabwa likuyenda bwino,” anatero Okiwa. Limeneli ndiye linali bodza lenileni, ndipo linatuluka mosavuta kuposa loyamba lija.

6. Bokosi lakuda

Mphepo ya kumapiri inawomba masiku anayi, yong'amba milomo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa, Okiwa akunola matchizulo osemera, chitseko chinatseguka popanda odi.

Analowa a Manbei, munthu wowonda wa maso ang'onoang'ono, thabwa lili kukhwapa. Kumbuyo kwawo kunali a Rihei, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

A Manbei anayala pepala pa tebulo. Mphaka anali pomwepo, atatsinzina. Ndakatulo inali pomwepo. Koma dzina la mlakatuli linali litazunguliridwa ndi kamzere kakuda bii, ka ngodya zinayi, ngati wina walitsekera m'bokosi kuti aliyense alione.

“Ine sindiwerenga kawiri tsamba limene ndadinda kale,” anatero a Manbei. “Ndimangoyang'ana madontho. Pakadapanda bokosi ili, sindikadaona kanthu mpaka mabuku atafika m'manja mwa eni ake. Mabuku mazana awiri oyamba asokedwa kale, Genshichi. Asokedwa! Ndiwamasule ndi mano?”

“Utuchi wa M'tsitsi!” anabangula a Rihei, chala chikuloza Okiwa. “Kambalame aka! Kanaipitsa mgolo wanga wamafuta, lero kaipitsa dzina langa!”

“Dzina lanu silinaipe, bwana,” anatero Okiwa. “Langotuluka pamene silinali pake.”

“Khala chete!” Mawu a bambo ake anagwedeza chitseko cha pepala. Okiwa anali asanawamvepo akukuwa choncho.

A Genshichi anatambasula manja. A Manbei anawapatsa thabwa. Chala chachikulu chinayenda pa mchira wa mphaka, pa makutu, pa ndakatulo, chinafika pachigamba. Chinazungulira mpata uja kamodzi. Chinadutsa pa zilembo pang'onopang'ono. Nkhope yawo sinasinthe.

“Ndani wasema?” anafunsa a Manbei. “Mtsikanayu amagwira mpeni muno?”

 Okiwa anatsekula pakamwa.

“Ndine,” anatero a Genshichi.

“Iwe?”

“Mwana anandidandaulira kuti ndakatulo ndi yake. Mtima wa kholo unandipusitsa. Iye amangonola ndi kusesa. Mpeni muno umagwidwa ndi munthu mmodzi.”

Atatero anagwada, nagunditsa chipumi pamphasa pamaso pa ogulitsa mafuta. Munthu amene sanasinthepo kamzere kamodzi zaka makumi atatu, anagwada ngati wakuba nkhuku. Okiwa anamva moto m'maso.

“Ababa, dzukani! Musagwadire...”

“Ndati khala chete.”

A Manbei anakanda chibwano. Anayang'ana tsitsi la a Genshichi, anayang'ana zala za Okiwa, anayang'ana thabwa.

“Zodabwitsa,” anatero. “Ndakudziwa kuyambira uli ndi tsitsi lakuda. Sindinakuonepo ukuika mtengo wauwisi, n'kuupingasanso. Koma poti wanena wekha, ndine ndani kuti ndikane? Wolakwitsa ndi amene amakonza. Mawa m'mawa, belu la kachisi likangolira, ubwere ku sitolo kwanga. Ubwere ndi mpeni wako ndi kachidutswa kouma. Udzachotse chigamba ichi, udzaseme dzina la a Rihei, ine ndi iwo tikuonerera.”

“Wekha,” anawonjezera a Rihei, ndipo tsopano ankamwetulira. “Wosesayo atsale azisesa. Ine ndimakonda kuona mmisiri akusema tizilembo tating'ono. Ndidzakhala pafupi kwambiri.”

A Manbei ananyamula thabwa. Pepala loipa lija analisiya pa tebulo. Nsapato zamtengo zinalira mumsewu mpaka zinazimirira.

A Genshichi anadzuka pang'onopang'ono, napukuta maondo.

“Zilembo wasema bwino,” anatero. “Kuposa ine ndili mnyamata. Chigamba ndiye chili ngati mphaka wako uja. Watsinzina maso, fungo lakuneneza.”

“Ababa, ndipita ndikawauze kuti ndine.”

“Ukawauze kuti chiyani? Kuti wasema dzina limodzi? Adzafunsa amene anakuphunzitsa kusema chonchi. Adzatsekula mabuku onse a chaka chino, adzayerekeza dzanja. A Manbei si mwana. Ukanena, tatha. Ndikalephera mawa, tatha. Unafuna dzina lako lioneke. Laoneka.”

“Koma anandibera!”

“Anakubera, inde. Ndani wakana? Iwo anakubera mizere isanu. Iwe wabwezera ndi denga la nyumba ino.”

Anapapasa pa tebulo mpaka anapeza pepala lija. Analimata pa kathabwa kotaya, nakasendeza pafupi ndi zenera pamene kuwala kunali kwambiri. Anatenga mpeni wawo wa chogwirira chakuda, naweramira pathabwa mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza pepala.

“Bwera uime apa. Tili ndi dzuwa la lero lokha. Undiuze zoona, poti mabodza ako akwana.”

Dzanja silinanjenjemere. Linatsika mwaulemu wa zaka makumi atatu, nsonga ya mpeni n'kuima pa pepala.

“Ndili pa dzina?”

Okiwa anayang'ana. Nsongayo inali pa khutu la mphaka.

Lilime lakuthwa la mu Kanda monse linauma m'kamwa.

“Ndikufunsa iwe, Okiwa. Ndili pa dzina?”